Tsiku Limene Anandivula Jezi

Mpira wotsekera chaka unayamba ine ndikadali mwana, patangopita zaka zochepa chibwerereni kutsidya kumene tinathawira nkhondo. Amene anauyambitsa ndi aphunzitsi athu a masamu, bambo wamfupi, wa mawu osasa, amene ndinawadziwa ndisanadziwe kulemba dzina langa. Ndi iwo amene ankatiphunzitsa kuwerenga pansi pa mtengo wa mango kumsasa wa othawa nkhondo, ku Malawi. Mtendere utabwera tinabwerera kwathu ku Mongue, iwonso anabwerera, ndipo anapatsidwa sukulu yopanda denga. Sukuluyo itakula n'kufika pokhala ndi makalasi a sekondale, iwo anakwera nayo limodzi.

Masiku amenewo sukulu za ku vila, m'tauni ya Milange, zinali ndi masewera awoawo, ndipo opambana ankapita mpaka ku Mocuba kapena ku Quelimane. Ife akumidzi panalibe wotikumbukira. Tinkasewera tokhatokha, sukulu zinayi kapena zisanu zoyandikana, ndipo mayeso akatha aliyense ankatenga khasu lake. Zimenezi zinkawapweteka aphunzitsi aja. Tsiku lina anakwera njinga yawo, ulendo wa ku Majaua, mpaka kugona panjira, kukakumana ndi mphunzitsi mnzawo amene anali naye kumsasa. Anagwirizana chinthu chimodzi chokha: chaka chilichonse mayeso akatha, mvula isanalimbe, sukulu imene yaposa zinzake kumbali ya Mongue izikumana ndi imene yaposa zinzake kumbali ya Majaua. Masewera amodzi basi. Chaka chino kwathu, chaka chamawa kwawo.

Panalibe chikho. Opambana ankalandira mbuzi, ndipo mbuziyo ankaidya pamodzi ndi ogonja omwe, chifukwa alendo sangabwerere ulendo wautali chonchija ndi njala. Magolo anali a mitengo ya bulugama, mizere ankaithira ndi phulusa. Chaka choti mpira uli kwathu, anthu a ku Majaua ankabwera pa njinga mondondozana, fumbi lili kobo, ena atakwerana atatuatatu, n'kugona m'makalasi mwathu. Anthu ankawerengera zaka potengera mpirawo. Ukamva wina akuti mwana wake anabadwa chaka chimene mbuzi inadula chingwe n'kuthamangira m'bwalo, aliyense ankadziwa chaka chake. Chaka china mvula inagwa masewera ali mkati, mpira n'kumayandama pafupi ndi golo, koma woyimbira anakana kuimitsa chifukwa ankati anthu ayenda mtunda wautali. Chaka chinanso woyimbirayo anataya pinto, n'kumaliza masewera akuimba likhweru ndi zala.

Ine ndinakula ndikuonerera zimenezi nditakhala kuseri kwa golo. Sindinasirirepo womwetsa zigoli. Ndinkasirira goloboyi, munthu mmodzi amene amavala zosiyana ndi anzake. Ndinayamba kudziponya pa mchenga wa kudambo, anzanga akundiponyera mpira wa mapepala, mpaka zigongono zanga zinachita zipsera zimene ndili nazo mpaka lero. Nditafika sekondale aphunzitsi aja anandiika pagolo, ndipo ndinakhalapo zaka zitatu. Zaka ziwiri zoyamba sukulu ina ya kufupi ndi msika inatiposa, ndiye kumpira wotsekera chaka tinangopita ngati oonerera. Chaka chachitatu, chimene chinali chomaliza kwa ine pasukulu, tinagonjetsa onse a kumbali yathu. M'masewera asanu ndi limodzi anandimwetsa zigoli ziwiri zokha, ndipo chimodzi anadzimwetsa yekha mnzathu wa kumbuyo.

Koma chaka chimenecho zinthu zinasintha. Aphunzitsi athu anakhala akulemba makalata kwa zaka zambiri, kupempha akuluakulu a zamasewera kuti mpira wathu auzindikire, kuti mwana wa kumudzi naye azionedwa. Kalata ina inayankhidwa. Tsiku limene anatiuza, anatisonkhanitsa pansi pa mtengo wa kesha.

"Ana inu, atimva," anatero. "Chaka chino sitisewerera kuno kapena ku Majaua. Tikasewerera ku vila, pabwalo lenileni la maukonde. Kukubwera alendo ochokera ku Quelimane kudzaona. Amene asewere bwino amutenga. Ndipo kuli chikho."

"Nanga mbuzi?" anafunsa wina.

"Mbuzi mukadya kwanu," anayankha, tonse n'kuseka.

Kenaka anawonjeza kuti aliyense atenge sedula yake, pepala la kubadwa lija, chifukwa alendowo akufuna kutsimikiza kuti tonse ndi ana a sukulu, osati amuna a ndevu obwerekedwa kumsika. Palibe anadandaula. Yanga ankasunga ndi bambo, m'kati mwa Baibulo, itakulungidwa m'pepala la pulasitiki. Anandipatsa m'mawa wa ulendo, n'kundiuza kuti ndisaipinde.

Tinakwera lole ya munthu wina wogula nandolo, titaimirira, tikuimba njira yonse. Jezi yanga inali yachikasu, ya manja aatali, yochokera pa kaunjika wa ku Muloza. Nambala wani kumsana anasokerera ndi mayi, ataidula pa nsalu yakuda ya ambulera yakutha. Ndinaivala kuchokera kunyumba, ngakhale kunkatentha, chifukwa ndinkafuna kuti aliyense wa panjira adziwe kuti goloboyi ndi uti.

Titafika tinapeza a ku Majaua atafika kale. Pambali pa bwalo panali tebulo, chikho chili pamwamba, ndipo kuseri kwake kunakhala bambo wina wa malaya oyera ndi magalasi, mmodzi mwa alendo aja. Tinafola mzere, wina aliyense n'kumapereka sedula yake. Bamboyo ankayang'ana pepala, kuyang'ana nkhope, n'kulemba dzina. Ine ndinali woyamba pa mzere wa sukulu yathu. Anayang'ana pepala langa nthawi yaitali kuposa mmene anachitira ndi a ku Majaua. Kenaka analiika pambali.

"Dikira apo," anatero m'Chipwitikizi.

Ndinadikira. Anzanga onse anadutsa. Atatha anaitana aphunzitsi athu, n'kuloza ndi cholembera pa mzere umene pamalembedwa malo obadwira.

"Apa palembedwa kuti Malawi."

"Inde bwana," anayankha aphunzitsi. "Anabadwira kumsasa, nthawi ya nkhondo. Bambo ake ndi a ku Mongue, mayi akenso ndi a ku Mongue. Agogo ake anaikidwa komweko."

"Ine sindikuwerenga manda. Ndikuwerenga pepala. Masewera awa ndi a ana a dziko lino. Ngati anabadwira kunja, abweretse chikalata china chosonyeza kuti ndi nzika."

"Chikalata chimenecho amachitenga kuti?"

"Zimenezo si za ine."

Apa ndiyenera kufotokoza. Titabwerako kutsidya, kunabwera anthu olemba maina a ana m'midzi. Ana ambiri a msinkhu wanga anabadwira kumisasa, chifukwa kumudzi kunalibe munthu zaka zimenezo. Koma makolo ambiri atafunsidwa kuti mwana anabadwira kuti, ankangotchula mudzi wawo, poopa mavuto a m'tsogolo. Olembawo ankadziwa, koma ankangolemba. Bambo anga okha, munthu wa mpingo amene sankanama ngakhale pa mtengo wa nkhuku, ananena zoona. Choncho pa anyamata onse amene anaima pabwalo lija, a kwathu ndi a ku Majaua, oposa theka anabadwira kumene ndinabadwira ine. Kaputeni wa ku Majaua anabadwira m'chipatala cha tenti chomwe ndinabadwira ine, ndipo mayi ake ndi mayi anga ankatunga madzi pa mjigo umodzi. Koma pepala lonena zimenezo linali langa lokha.

Mphunzitsi wa ku Majaua, mnzawo wa aphunzitsi athu uja, anabwera pafupi atamva phokoso.

"Bwana, ife sitikudandaula," anatero. "Mwanayu timamudziwa. Msiyeni asewere. Ngakhale atigonjetse, sitidzakasuma kulikonse."

"Mukhoza kumuseweretsa," anayankha bambo wa magalasi, akutseka buku lake. "Koma akalowa m'bwalo, amenewa akhala masewera anu a kumudzi. Ife tinyamula chikho tizipita, ndipo sitilemba dzina la mwana aliyense."

Kenaka anatembenukira kwa aphunzitsi athu n'kufunsa funso limene sindinaliiwale.

"Porofesolo, inu mumawadziwa ana awa. Alipo wina wobadwira kunja kupatula uyu?"

Anyamata onse anaweramitsa mitu. Kaputeni wa ku Majaua anayamba kumanga zingwe za nsapato zimene zinali zomanga kale. Ine ndinayang'ana aphunzitsi. Munthu amene anatiphunzitsa tonsefe pansi pa mtengo wa mango, amene ankadziwa mzere wa misasa umene aliyense wa ife ankakhala. Ndinkayembekeza kuti anena kuti, bwana, mukachotsa uyu muchotse onse, chifukwa nkhondo inatulutsa dziko lonse. Ndinkayembekeza kuti atiuza tikwere lole tikasewerere kwathu, pa phulusa lathu.

"Palibe, bwana," anatero. "Ndi yekhayu."

Atatero anandigwira pamkono n'kupita nane kuseri kwa lole. Sanandiyang'ane kumaso.

"Mwanawe, undimvetse. Ndikanena zoona, mapepala a anzako onse akhala abodza. Ena sadzalemba mayeso. Ndipo mpira uwu ndaulimbanira zaka zonsezi. Ukafa lero sudzadzukanso."

"Ndiye ine?"

"Chaka chamawa tidzakonza."

"Chaka chamawa ndidzakhala nditamaliza sukulu, aphunzitsi."

Anayang'ana kubwalo. Kenaka anati, "Vula jezi. Mnzako alibe ya pagolo."

Mnzangayo anali goloboyi wachiwiri, mwana wa namwino wa pachipatala cha kwathu, wamtali kuposa ine, wofatsa. Chaka chonse anali asanasewereko ngakhale masewera amodzi. Ndinavula jezi ili yonyowa ndi thukuta langa n'kumupatsa. Anailandira ndi manja awiri.

"Pepa, achimwene," anatero.

Ndinalibe malaya ena, chifukwa ndinachoka kunyumba nditavala jeziyo. Woyendetsa lole anandibwereka malaya ake a ntchito, onunkha dizilo, ofika m'mawondo. Ndi amenewo ndinakhala nawo pa udzu, kutali ndi benchi ya anzanga, pakati pa anthu a ku vila amene sankandidziwa.

Masewerawo ndimawakumbukira bwino kuposa onse amene ndinasewera. Tinamwetsa chigoli m'chigawo choyamba, cha mutu, kuchokera pakona. Anthu a ku Mongue amene anabwera pa njinga analumpha n'kuthamangira m'bwalo, apolisi n'kuwabweza. Ine sindinadzuke. M'chigawo chachiwiri a ku Majaua anatipanikiza koopsa, ndipo mnzanga uja anagwetsa mpira kawiri, koma mwayi unali naye. Kutatsala mphindi zochepa, wa kumbuyo wathu anagwira mpira ndi dzanja m'bokosi. Penate.

Womenya anali kaputeni wawo uja. Ine ndinali nditamuonera zaka ziwiri, ndipo ndinkadziwa kuti amayang'ana kumanja koma n'kumenyera kumanzere kwa goloboyi, pansi. Ndinakonzekera penate imeneyo miyezi yambiri kudambo. Pamene ndinakhala panali pafupi ndi golo lathu, moti ndikanafuula mnzanga akanamva. Anatembenuka n'kundifunafuna ndi maso m'gulu la anthu, ndipo anandipeza. Ndinayang'ana kumbali.

Ndinene zoona, popeza ndine mwana wa bambo anga. Ndinapemphera kuti chilowe. Ndinafuna kuti sukulu yanga igonje, kuti aphunzitsi abwerere kwawo akudziwa chimene anataya. Sindinapempherepo ndi mtima wonse ngati tsiku limenelo.

Mnzanga anadziponya kumanzere, pansi, n'kuugwira.

Mmene anadziwira sindikudziwa. Mwina anangoganiza, mwina anandimvapo ndikunena tsiku lina pophunzira. Pinto yomaliza italira anamunyamula paphewa, jezi yachikasu ili pamwamba pa anthu onse, nambala ya mayi anga ikuoneka bwalo lonse. Bambo wa magalasi anapereka chikho, n'kuwerenga maina atatu a anyamata oti apite ku Quelimane. Loyamba linali la goloboyi.

Pobwerera anthu anaimba mpaka mawu kusasa. Ine ndinakhala pansi pakona ya lole, pa matumba opanda kanthu. Aphunzitsi anakhala kutsogolo ndi woyendetsa, chikho chili pamiyendo. Titatsika anandipatsa sedula yanga. Inali itapindidwa pakati.

M'mawa mwake kunali kutagwa mvula, ndipo bambo ndi mayi anali kumunda kubzala chimanga. Ndinawatsatira komweko. Nkhani inali itawapeza kale.

"Bambo, munaneneranji zoona?" ndinafunsa. "Anthu onse ananama. Inu nokha munaona chiyani?"

Bambo anapitiriza kukumba mapando, mayi akuponya mbewu pambuyo pawo. Anafika kumapeto kwa mzere, n'kuimika khasu.

"Mayi akowa anayenda masiku atatu m'tchire ali ndi pakati pa iwe," anatero. "Mlongo wako wamkulu tinamuika kutsidya komweko. Iwe unabadwa patapita mwezi. Ndikanalembetsa kuti unabadwira kuno, ndiye kuti zonsezo sizinachitike. Kumene unabadwira ndi kumene unabadwira."

Mayi akakwiya ankasiya Chinyanja n'kulowa Chilomwe. Tsiku limenelo anaponya mbale ya mbewu pansi n'kuwalankhula bambo mawu ambiri, ena amene sindinawamvepo pakamwa pawo. Chimene ndinagwira n'chakuti choonadi chawo chadya mwana, ndipo pepala silidziwa kulira maliro a munthu. Bambo anawerama n'kuyamba kutola mbewu imodziimodzi m'dothi. Sanapepese, tsiku limenelo kapena lina lililonse, mpaka anamwalira. Nanenso sindinawafunsenso. Tinkalima limodzi, tinkapita kutchalitchi limodzi, koma za mpira sitinakambenso.

Jezi ija mnzanga anabweza itachapidwa ndi kusitidwa, asananyamuke ulendo wake. Ndinauza mayi kuti apange chimene akufuna. Anaipereka kwa msuweni wanga wina amene ankaivala kudimba.

Patapita zaka ziwiri ndinafuna bilyeti, chitupa cha unzika, kuti ndifunsire ntchito, ndiye ndinapita ku vila ndi sedula yomwe ija, ndikuyembekeza kubwezedwa. Mayi amene anandithandiza anaiwerenga, n'kufunsa maina a makolo anga ndi mudzi wawo, n'kuyamba kulemba. Ndinawafunsa ngati pakufunika chikalata china, poti ndinabadwira kunja.

"Chikalata cha chiyani?" anatero. "Bambo ako ndi a kuno, mayi ako ndi a kuno. Ndiwe wa kuno. Anthu ngati iwe timawalemba tsiku ndi tsiku."

Ndinawafotokozera za bambo wa magalasi uja. Anaseka pang'ono, osati mwachipongwe.

"Ameneyo sankadziwa ntchito yake. Panalibe amene anamutsutsa?"

Ndinatuluka n'kukhala pa khonde la sitolo ina, moyang'anana ndi phiri la Tumbine, nthawi yaitali ndithu. Za chitupa zonsezo zinatha m'mawa umodzi, dzuwa lisanafike pamutu. Lamulo limene linandivula jezi kunalibe. Panangosowa munthu mmodzi woti aime n'kunena kuti, bwana, tiwonetseni pamene palembedwa.

Ntchito imene ndinkafuna sindinaipeze. Ndinanyamulako katundu wa amalonda pamalire kwa kanthawi, kenaka ndinabwerera ku Mongue n'kuphunzira kukonza njinga. Ndi ntchito imene ndimagwira mpaka lero, pansi pa chisakasa changa pamsika. Mnzanga uja sanakhale katswiri wa mpira, koma ulendo wa ku Quelimane unamutsegulira njira. Anaphunzira za uphunzitsi wa masewera, ndipo pano amaphunzitsa ku Mocuba. Akabwera kudzaona mayi ake amadutsa pachisakasa panga, amandipatsa moni mwaulemu, amanditchula kuti achimwene. Sanandilakwire chilichonse. Komabe akachoka ndimapeza kuti ndamanga sipoko imodzi mpaka kuidula.

Nanga mpira umene aphunzitsi anaupulumutsa pondipereka ine? Sunabwererenso ku Mongue kapena ku Majaua. Alendo aja anati mabwalo athu alibe maukonde, ndiye uzichitikira ku vila chaka chilichonse. Anthu akumidzi anapitako chaka choyamba ndi chachiwiri, kenaka anatopa, chifukwa kunalibe kogona ndipo pachipata ankafunsa matikiti. Kenaka anati sukulu za ku vila nazo zilowe. Chaka chotsatira masewera otsiriza anali pakati pa sukulu ziwiri za ku vila, ife ndi a ku Majaua titagonja kale m'ndime yoyamba. Anasinthanso nthawi, kuuika pakati pa chaka kuti ugwirizane ndi masewera a kuchigawo, moti sunalinso wotsekera chaka. Aphunzitsi athu anawaika m'komiti, kenaka anasiya kuwaitana kumisonkhano. Chaka china tinangoona miyezi ikudutsa popanda kalata, ndipo palibe analengeza kuti watha. Chikho chija chinatsala m'kabati ya sukulu ina ya ku vila. Pabwalo lathu la phulusa pano pali chigayo ndi munda wa soya. Ana a masiku ano amaonera mpira wa ku Ulaya m'kanyumba ka kanema pamsika, ndipo ukawauza kuti anthu ankapalasa njinga masiku awiri kudzaonera ana a sukulu, amaganiza kuti ukuwanamiza.

Aphunzitsi anapuma ntchito n'kukakhala kumudzi kwa akazi awo, kutali ndi msika, ndiye ndinakhala zaka zambiri osawaona. Chaka chatha, tsiku la msika, ndinaona nkhalamba ikukankha njinga yophwa tayala, ikubwera kuchisakasa kwanga. Tsitsi lonse linali loyera, ndipo diso limodzi linali ndi ng'ala. Mawu okha ndi amene sanasinthe.

"Goloboyi wanga!" anafuula. "Ndimafunsa anthu kuti uli kuti."

Ndinawapatsa mpando, n'kuyamba kuchotsa tayala. Pachisakasa panali anthu angapo odikira njinga zawo, amuna ndi amayi awiri ogulitsa nyemba. Aphunzitsi anawatembenukira onsewo.

"Mukumuona uyu? Musamuone chonchi ndi girisi m'manja. Uyu ndi amene anatipatsa chikho ku vila. Penate, mphindi zomaliza, kaputeni wa ku Majaua. Uyu anauluka ngati mphamba, kumanzere, pansi. Ndinalira misozi tsiku limenelo."

Anthu aja anandiyang'ana mwaulemu watsopano. Mayi mmodzi anaomba m'manja. Ndinamiza chubu m'beseni la madzi n'kumayang'ana pamene thovu likutulukira. Ndikanatha kungokhala chete. Munthu wokalamba, wodwala maso, wobwera ndi chimwemwe.

"Sindinasewere, aphunzitsi," ndinatero.

"Ukuti chiyani?"

"Tsiku limenelo sindinasewere. Munandiuza kuti ndivule jezi, kuseri kwa lole. Penate anagwira ndi mwana wa anamwino."

Anandiyang'ana ndi diso lawo labwinolo.

"Ayi," anatero. "Jezi yachikasu, nambala yakuda. Ndinakuona ndi maso angawa."

"Jezi inali yanga. Munthu sanali ine. Anakufunsani ngati alipo wina wobadwira kutsidya, inu munati ndine ndekha."

Anayang'ana manja awo. Sindikudziwa ngati anaiwaladi, kapena ngati anakhala akuifotokoza chonchi zaka zonsezi mpaka iwo eni kuikhulupirira. Amayi a nyemba aja ananyamula madengu awo n'kuchoka, ngakhale njinga yawo inali isanakonzedwe.

Ndinapala chubu, kupaka guluu, kumata chigamba, n'kudikira kuti chigwire. Nditabwezera tayala n'kupopa, ndinaona kuti mabuleki akumbuyo atha, ndiye ndinawasinthira, chifukwa njira ya kumudzi kwawo ili ndi chitsikira choopsa pafupi ndi mlatho.

Anadzuka movutikira n'kugwira mahandulo. Anayenda masitepe angapo akukankha, kenaka anaima osatembenuka.

"Unali bwino kuposa iye," anatero. "Zimenezo ndiye ndikukumbukira."

"Ndikudziwa, aphunzitsi."

Anakwera njinga n'kulowa m'gulu la anthu a pamsika. Ndinamva kuti anamwalira nthawi yokolola. Kumaliro kunapita anthu ambiri, ena ochokera ku Majaua, ndipo mnzanga wa ku Mocuba ndi amene analankhula m'malo mwa ophunzira awo akale. Ine ndinali ndi njinga zisanu ndi ziwiri zodikira tsiku limenelo, ndipo ndinazikonza zonse.